Pensulo ya Charlotte ndi bolopeni yanga yofiira

Imelo iyi yagona masabata atatu osayankhidwa, ndipo achemwali amene munailemba mundikhululukire. Sikuti ndinatanganidwa ayi. Ndimangoitsegula, kuiwerenga, n'kuitsekanso.

Funso lawo ndi lalifupi. Iwo amakhala ku Leeds, ndipo anamva za kope la ndakatulo za Emily Brontë, mlembi wa ku England wa zaka za m'ma 1800, momwe mkulu wake Charlotte analembalembamo ndi pensulo, lomwe a Sotheby's, kampani yogulitsa zinthu pa okishoni, mu 2021 anati lingagulidwe pa mtengo wa mapaundi 800,000 mpaka 1.2 miliyoni. Tsono mnzawo wa kutchalitchi wawapatsa kope lake la ndakatulo, amvekere, "Mundiuze zoona, musandinyengerere." Awerenga, koma zambiri sizinawafike pamtima. Akufunsa kuti, ndilembe m'kopemo ngati mmene anachitira Charlotte, kapena ndingomuuza kuti zili bwino?

Achemwali, mwanditosa pabala.

Ndiyambe ndaongola pang'ono nkhani ya kopelo, poti silinafike pa okishoni. Linali m'gulu la mabuku ndi zolemba pamanja zomwe amuna awiri apachibale, Alfred ndi William Law, eni fakitale ya nsalu kufupi ndi Rochdale, anasonkhanitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 m'nyumba yotchedwa Honresfield. Kuyambira 1939 katunduyu anangoti zii, akatswiri ambiri osamuonanso, mpaka mu May 2021 pomwe a Sotheby's analengeza kuti amugulitsa. Bungwe la Friends of the National Libraries linapempha kuti malonda aime kaye, n'kuyamba kusonkhetsa ndalama kuti zinthuzi zisamwazikire m'nyumba za anthu olemera. Pofika December zinakwana, mapaundi 15 miliyoni, theka lake lochokera m'thumba la munthu mmodzi, Leonard Blavatnik. Zolemba za a Brontë zinapita ku British Library, ku nyumba yawo yakale ya ku Haworth yomwe pano imasunga zinthu zawo, ndi ku laibulale ya yunivesite ya ku Leeds komweko. Ndiye kuti inu muli nazo pafupi kuposa tonsefe.

Ife mawu oti okishoni tinawadziwira ku fodya. Amene anaperekezapo bambo ake kapena malume ake ku Kanengo kapena ku Limbe akudziwa mmene zimakhalira: mabelo ali ndandanda, ogula akudutsa, wina asolola tsamba, alitambasula, ndipo kusanathe kuphethira thukuta la chaka chonse lapatsidwa mtengo. Ku London n'chimodzimodzi, kungoti belo lake ndi pepala. Giredi ya pepalalo imachokera pa dzina la amene analemba, ngati ndi dzanja lake lenileni, ndi mbiri ya komwe lakhala likusungidwa zaka zonsezi. Zoti kodi zomwe analembazo zinali zanzeru sizifunsidwa n'komwe. Charlotte akanalemba zambwerera m'mphepete mwa ndakatulo za mng'ono wake, mtengo ukanakhala womwewo. Kabuku kake ka ndakatulo khumi komwe anasoka yekha ali ndi zaka 13, kochepa kuposa khadi la njuga, kanagulidwa madola 1.25 miliyoni mu 2022, chonsecho mu 1916 kanapita ndi madola 520. Ndakatulo zake sizinakule m'zaka zimenezo, ndi za mwana wa zaka 13 yemwe uja. Choncho mtengo musautenge ngati umboni woti kulemba m'kope la mnzako ndi nzeru.

Kwa Charlotte ndibwereranso, ndili naye kamlandu. Koma ndiulule kaye wanga.

Nditangoyamba uphunzitsi ananditumiza ku sekondale ina yoyendera, kumudzi kwenikweni, komwe matola ankafika kawiri patsiku. Nyumba za aphunzitsi zinali zochepa, moti tinkakhala awiri m'nyumba imodzi, ine ndi mnzanga wophunzitsa masamu. Mbaula imodzi, wailesi imodzi, njinga imodzi yosinthana. Iye ankatha kuphika nyemba, ine luso langa linali kukongola sopo ndi shuga ku golosale. Sitinkatchulana maina, tinkangoti "aise". Dzina lake sindilitchula, ali moyo, ndipo mwina amawerenga zomwe ndimalembazi.

M'chaka chathu chachiwiri mayi ake anamwalira, m'dzinja. Uthenga unachedwa, mtsinje unali utadzaza, anafika kwawo anthu atabwerako kumanda. Atabwerera kuntchito sankanena zambiri. Usiku ndinkangoona nyali ikuyaka kuchipinda kwake mpaka tambala woyamba, ine n'kumati akukonza masikimu.

Lachisanu lina, patatha miyezi ngati isanu, ndili pa tebulo kuchonga zimangirizo za Fomu 2, anabwera n'kuika kope lakuda la hadikava pamwamba pa mulu wa makope a ana. "Aise, iwe ndiwe wa Chichewa, tandionere izi. Usandinamize." Anatuluka, ati akukasewera bawo.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti bolopeni yofiira inali kale m'manja. Zoisiya pansi sizinandibwerere. Ndinatsegula kope la munthu wolira mayi ake ndi dzanja lomwe linali litangomaliza kupereka 7 pa 20 kwa mwana wa eni.

Munali ndakatulo zoposa 30, zolembedwa mwaukhondo, zilembo zoongoka za munthu wozolowera rula. Zambiri zinali za imfa, ndipo kunena zoona zinali zomwe timamva pamaliro paliponse: imfa ndiwe wankhanza, imfa ulibe manyazi, mwatisiyira yani. Ndinayamba modekha, kukonza kalembedwe apa ndi apo. Pofika tsamba lachisanu dzanja linali litatentha. Ndinazunguliza liwu loti "misozi" paliponse pomwe linapezeka, n'kulemba chiwerengero chake pamwamba, 23. Pambali pa ndime ina ndinalemba kuti, "Izi aliyense amanena." Ina ndinaidula yonse ndi mzere wopingasa, kuchokera pakona kufika pakona, ndipo ndinasindikiza kwambiri moti inki inaonekera kuseri kwa pepala. Kumapeto ndinadzaza tsamba lathunthu ndi phunziro la zifanifani, ngati kuti munthuyo akukalemba MSCE. Pansi pake, pofuna kuseketsa, ndinaika mawu aja timalembera mwana amene walakwa zonse: "See me."

Munali imodzi yosiyana ndi zinzake. Inkanena za mthiko wa mayi ake, wopserera mbali imodzi, womwe anaupeza uli chisomekere kudenga la khitchini tsiku lomwe anafika mochedwa lija, ukadali ndi nsima youma ya ulendo womaliza womwe anaphika. Munalibe liwu loti imfa. Misozi munalibenso. Nditaiwerenga ndinadzuka, ndinakaima panja kwa kanthawi, udzudzu ukundidya. Kenaka ndinabwerera pa tebulo, ndipo mukudziwa chomwe ndinachita pa ndakatulo imeneyo? Ndinangochonga. Kamodzi, basi, n'kutembenuza tsamba.

Ndinamubwezera Lamulungu titabwerako kutchalitchi. Analitsegula ali chiimire pakhomo, anavundukula masamba atatu, anayi, n'kulitseka. "Zikomo, aphunzitsi." Chiyambire kukhala limodzi anali asananditchulepo choncho. Madzulo tinadya nsima ya usipa mbale imodzi monga mwa masiku onse, tikumvera mpira pa wailesi. Sitinakangane, sitinakwezerane mawu. Nyali ya kuchipinda kwake inangoyamba kuzima msanga.

Chaka chotsatira anakwatira n'kusamukira nyumba ina, kenaka anamutumiza boma lina. Timakumana m'maliro ndi m'maukwati, moni timapatsana wabwinobwino, ana ake amanditcha ankolo. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumufunsa za kope lija. Anaseka, amvekere, "Lija? Linadyedwa ndi chiswe kalekale." Sindinamukhulupirire, koma nane ndinaseka.

Ngakhale zitakhala zoona sizingadabwitse. Ife mapepala sitisunga. Makalata omwe agogo ankatumiza kuchokera ku Joni anathera kuyatsira mbaula, makope a bambo anga a ku koleji ndinawaona ndi maso angawa akukulungidwira mtedza. Ku Zomba kuli National Archives, koma ndi angati mwa ife anaganizapo zoti kalata ya mnzawo ndi chinthu chosunga? Tikamva kuti azungu akulimbirana kapepala pa mamiliyoni timati ndalama zawachulukira. Mwina zawachulukiradi. Koma kapepalako kanafika lero chifukwa wina, zaka 170 zapitazo, anakaika m'bokosi pomwe kanalibe mtengo uliwonse.

Kwa zaka zambiri ndinkadziikira kumbuyo. Walira mvula walira matope, si iye yemwe anati ndisamunamize? Ndipo zomwe ndinalemba zinali zoona. Lero lomwe mutandipatsa kopelo, misozi 23 ija ndingaiwerengenso. Ndinkadziona ngati munthu wolimba mtima pakati pa anthu okonda kunyengererana. Maganizo amenewa anandithera nditawerenga makalata a Gerard Manley Hopkins opita kwa Robert Bridges, onse alakatuli a ku England, m'buku lopanda chikuto lomwe ndinagula kwa ogulitsa mabuku akale pakhonde la sitolo.

Achemwali, ngati mukufuna chitsanzo cha nthawi ya Mfumukazi Victoria cha munthu wodzudzula ndakatulo za mnzake, a Brontë asiyeni kaye, aja anali pachibale ndipo zapachibale zimayenda mwina. Onani awiriwa. Onse anabadwa mu 1844, anadziwana ali ophunzira ku Oxford. Bridges anakhala dokotala. Hopkins analowa Chikatolika mu 1866, patatha zaka ziwiri n'kulowa chipani cha ansembe a Jesuit, ndipo polowa anatentha ndakatulo zake poganiza kuti sizikugwirizana ndi moyo womwe wasankha. Anakhala zaka zisanu ndi ziwiri ali pafupifupi chete. Mu December 1875 sitima ya pamadzi yotchedwa Deutschland inasweka chakufupi ndi pomwe mtsinje wa Thames umathira m'nyanja, ndipo mwa omwe anafa munali masisitere asanu a chipani cha Francis Woyera, omwe ankathawa malamulo opondereza Akatolika ku Germany. Mkulu wa pa nyumba yomwe Hopkins ankaphunzira zaunsembe ku Wales ananena kuti zikanakhala bwino wina atalembapo ndakatulo. Hopkins analemba ya ndime 35, The Wreck of the Deutschland, ndi kayendedwe ka mawu kachilendo komwe kanakhala kakulira m'khutu mwake kwa nthawi yaitali. Magazini ya a Jesuit anzake inaikana.

Mu 1877 Bridges anaiwerenga, ndipo anachita zomwe ine sindinafikepo. Analemba yakeyake yotsanzira kayendedwe kaja pofuna kuseka, n'kumuuza mnzakeyo kuti sangaiwerengenso ngakhale atamulipira zingati. Tangoganizani. Munthu wakhala chete zaka zonsezo, watulutsa chinthu chachikulu kuposa zonse zomwe analembapo, anzake a mumpingo achikana, ndiye mnzake wapamtima akuti ngakhale ndi ndalama sindingabwereze.

Yankho la Hopkins, la mu August chaka chomwecho, ndinaliwerenga katatu nditakhala pa khonde. Sanati "zikomo, adokotala." Anamuuza kuti, wati sungawerengenso ngakhale ndi ndalama, komabe ndikukupempha uwerenge, pajatu kupatula ndalama kulinso chikondi. Anamukumbutsa kuti ndakatulo zake ndi zomva ndi khutu kuposa zoyang'ana ndi maso. Anamuuzanso kuti iye salembera chigulu cha anthu, chigulu chake chonse ndi Bridges yemweyo, ndipo ali ndi chiyembekezo choti adzamutembenuza mtima.

Nanga bwanji ubwenzi wawo unapirira zimenezi, pomwe wathu unazilala ndi bolopeni ya pa golosale? Ndaliganizira kwambiri funsoli. China n'chakuti kudzudzulako kunali kobwezerana. Bridges naye ankatumiza zake, ndipo Hopkins ankazisenda mzere ndi mzere, liwu ili n'lofooka, apa wangodzazitsa, apa kayendedwe kathyoka, masamba ndi masamba. Aliyense anali atamuonetsapo mnzake zigamba zake. Ine kope langa la ndakatulo ndinali nalo, linkagona pansi pa matilesi, ndipo mnzanga sanalionepo n'kamodzi komwe. Ndinakhala pa mpando woweruza ndisanazengedwepo mlandu. Choseketsa n'chakuti nthawi yomwe awiriwa anasiya kulemberana, zaka zoposa ziwiri kuyambira 1871, ndakatulo sizinali chifukwa chake. Hopkins anali atalemba kalata yonena kuti mwa njira ina iye ndi wachikomyunizimu, Bridges n'kungoti duu. Hopkins anadzalembanso mu 1874 ataona m'nyuzi ndemanga ya buku la ndakatulo za Bridges. Zomwe zinawalekanitsa zinali ndale, monga zimachitira ndi ife tomwe nthawi ya kampeni.

Koma chomwe chinandigwetsa nkhope ndi ichi. Bridges ankasunga. Ndakatulo zomwe zinkabwera pa positi, kuchokera ku Wales, ku Liverpool, ku Dublin, kulikonse komwe mpingo unamutumiza Hopkins, iye ankazimata m'buku lalikulu. Zambiri anazikoperanso ndi dzanja lake m'buku lina. Munthu yemwe uja anati sangawerengenso, anakhala pansi ndi inki kukopera mzere ndi mzere zinthu zomwe ankati zimamupweteka m'khutu. Hopkins anamwalira ndi tayifodi ku Dublin mu June 1889, ali ndi zaka 44, dziko lisakumudziwa kuti ndi mlakatuli. Bridges anasunga mapepalawo zaka zinanso 29. Mu 1918, ali pa udindo wa Poet Laureate, mlakatuli wamkulu wa ufumu wa Britain, anawasindikiza, mabuku 750 okha, omwe anatenga zaka ngati khumi kuti athe. Ngakhale pamenepo sanasiye kung'ung'udza. M'buku lomwelo analemba kuti ndakatulo ya sitima ija ili ngati chinjoka chodzikulunga pachipata kuletsa anthu kulowa. Lero m'masukulu amaphunzitsa Hopkins, ndipo ambiri dzina la Bridges amalimva chifukwa cha iyeyo.

Makalata ake omwe ankadzudzulira Hopkins, atabwezedwa kwa iye mnzakeyo atamwalira, anawawononga. Zomwe Bridges ankanena timazimvera m'mayankho a Hopkins basi. Akanakhalapo, a okishoni akanawalimbirana ngati fodya wa giredi yoyamba. Iye anasunga ndakatulo za mnzake n'kutaya ndemanga zake. Ine ndinachita mosemphanitsa. Zomwe ndinalemba ndi bolopeni ija ndingakulakatulireni pompano, tsamba ndi tsamba. Koma ya mthiko ija ndilibe ngakhale mzere umodzi, m'mutu kapena papepala.

Ndiye ndinene mosapsatira mawu, wokwiya akwiye. Munthu amene sangakhale pansi kukopera ndakatulo ya mnzake ndi dzanja lake alibe chilolezo choidzudzula. Sindikunena za olemba ndemanga m'nyuzipepala kapena oweruza mipikisano, imeneyo ndi ganyu. Ndikunena za mnzako amene mumadyera naye mbale imodzi. Bridges anaphonya pa ndakatulo yaikulu kwambiri ya mnzake, ine ndinalasa pa zonse 30, koma mukandifunsa amene ndingamupatse kope langa, ndi iyeyo, osati ine wa nthawi imeneyo.

Musathamangire kuti ndiye bola kungoti "zili bwino." Amenewo ndiye amandinyansa zedi. Lowani m'magulu a alakatuli a pa WhatsApp muone. Munthu aponya ndakatulo ya ndime khumi, mphindi isanathe pagwa timoto, timanja towomba, "zakupsa bwana," "ndinu dolo." Mphindi imodzi! Ndime yoyamba yomwe sanaimalize. Ena amati ndi kulimbikitsana, ine ndimati ndi ulesi. Ndipo wolembayo amadziwa. Pansi pamtima amadziwa kuti palibe wawerenga, n'chifukwa chake amanyamula kope n'kupita nalo kwa munthu mmodzi, monga wachitira mnzanuyo, n'kumati musandinyengerere. Chomwe akupempha n'chakuti wina awerenge mpaka kumapeto. Akuluakulu athu a Writers Group ya ku Chancellor College, yomwe inayamba mu 1970 ndipo munadutsa anthu ngati Jack Mapanje, ankachita pamaso zomwe Hopkins ndi Bridges ankachita pa positi: lero uwerenga iwe anzako akusenda, tsiku lina awerenga wina iwe n'kusenda. Woseka mnzake ankadziwa kuti tsiku lake likubwera. Pa WhatsApp tsiku la munthu silibwera, aliyense ndi dolo.

Moto wa pa Khirisimasi

Pali nkhani ina ya Hopkins yemweyu yomwe imandiziziritsa nkhongono, chifukwa apa wogwira bolopeni anali iye. Coventry Patmore, mlakatuli wotchuka kwambiri panthawiyo, wamkulu kwa Hopkins ndi zaka 21, anadziwana naye mu 1883, ndipo Hopkins anayamba kumuonera ndakatulo zake zomwe zinkakonzedwa kuti zisindikizidwenso. Ankalemba makalata ataliatali, Patmore n'kumathokoza. Naye Patmore ataona za Hopkins zinamukanika, anauza Bridges kuti zili ngati timizere ta golide weniweni tokwiririka m'chimwala chosaphwanyika. Zowawa, komatu golideyo anamutchula.

Mu 1885 Hopkins anakamuchezera ku Hastings, ndipo Patmore anamuonetsa buku lomwe anakhala akulilemba kwa zaka, Sponsa Dei, lofotokoza chikondi cha Mulungu ndi mzimu wa munthu pochifanizira ndi chikondi cha mwamuna ndi mkazi. Hopkins atawerenga ananena kuti uku ndi kuulula zinsinsi. Mawuwo anagona mumtima mwa Patmore zaka ziwiri, ndipo pa Khirisimasi ya 1887 anaponya bukulo pamoto. Hopkins atamva anadandaula, analemba kuti akanasamala kwambiri ndi zomwe ananena.

Makalata ataliatali aja sanawononge kanthu. Chinatentha buku ndi kamawu kakafupi. Ndikaiganiza nkhaniyi, "See me" wanga uja amandiimirira pamaso. Amati mawu a akulu akoma akagonera, koma alipo ena akagonera amasasa, ndipo amene anawanena amakhala ataiwala kale.

Kamlandu ka Charlotte

Chakumapeto kwa 1845 Charlotte anapeza kope la ndakatulo za Emily n'kuliwerenga mwini wake asakudziwa. Emily anapsa mtima. Charlotte yemwe anadzalemba kuti zinatenga maola kuti mng'ono wakeyo aphwe, ndi masiku kuti avomere zoti ndakatulozo n'zoyenera kusindikizidwa. Mu 1846 awiriwa pamodzi ndi mng'ono wawo Anne anatulutsa buku ndi ndalama zawo, atadzibisa m'maina oti Currer, Ellis ndi Acton Bell. Chaka chathunthu anagulitsa mabuku awiri. Kumapeto kwa kope lomwe mukunenalo kuli mawu a pensulo a Charlotte oti sipanalembedwepo zoposa izi, ndipo apa ndimamupatsa ulemu, anaona chabwino n'kuchinena papepala, sanangochonga.

Koma Emily anamwalira mu December 1848 ali ndi zaka 30, ndipo mu 1850 Charlotte anasankha ndakatulo zina za malemuyo n'kuzisindikiza atazikonza. Anasintha mawu, anachotsa maina a dziko longopeka la Gondal lomwe Emily ndi Anne ankalembera nkhani zawo, anaika mitu yakeyake, pena anaonjezera mizere yake. Owerenga anakhala zaka zambiri akuganiza kuti akumva Emily yekha. Ndikhulupirira ankachita mwachikondi, kufuna kuti mng'ono wake asanyozedwe. Komatu Hopkins ankatha kuyankha kuti werenganso, Emily sakanatha. Chonsecho Charlotte ankadziwa bwino kulemera kwa mawu a papepala. Ali ndi zaka 20 anatumiza ndakatulo zake kwa Robert Southey, Poet Laureate wa nthawiyo, yemwe mu March 1837 anamuyankha kuti zolembalemba sizingakhale ntchito ya moyo wa mkazi, ndipo siziyenera kutero. Iye analemba pa pepala lokutira kalata ya Southey kuti awa ndi malangizo osunga mpaka muyaya. Pepalalo anasungadi. Mwayi wathu ndi woti malangizowo sanawatsate.

Tsono achemwali, yankho lanu, poti ndayenda kutali. M'kope lakelo musalembemo kanthu, ngakhale ndi pensulo. Musanayambe mufunseni kuti ndakatulozi zinabwera bwanji, chifukwa za munthu wofuna kusindikiza buku ndi za munthu amene akulira sizigwiridwa mofanana. Sankhani imodzi yoposa zinzake, ilipo ndithu, muikopere ndi dzanja lanu papepala lina, ndipo mawu anu ambiri athere pa imeneyo: mzere uti unakuimitsani, chifukwa chiyani. Zofooka tchulani ziwiri, moloza mzere wake, osati "zambiri sizinandigwire." Nthabwala ayi. Mukamupatse pamanja, pali tiyi, ndipo mumupemphe akuwerengereni mokweza, poti zina zogona papepala zimadzuka zikalowa m'khutu. Ngati muli ndi kanu komwe munabisa pansi pa matilesi, katengeni popita.

Ine usiku wa Lachiwiri, nditalemba theka la nkhaniyi, ndinamutumizira mnzanga uja uthenga. Sindinachulutse. Ndinangoti, "Aise, ndakatulo ya mthiko wa amayi ija ukuikumbukira? Ndikuifuna." Uthengawo unachongedwa kawiri, mwa buluu, nthawi ili 9:40. Lero ndi Lachisanu.